Mpando wa Woweruza Si Ngongole

  Ulendo uno tikukulemberani tili kuno ku Mulanje, patsinde pa phiri, kumene mvula sichedwa kubwera ndipo minda ya tiyi imakhala yobiriwira chaka chonse.

Tsiku lina tinakwera minibasi pa Chitakale, ndipo tinakhala mpando umodzi ndi mayi ena amasiye amene amagwira ntchito yothyola tiyi. Amuna awo anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Maliro atangotha, abale a kuchimuna anabwera natenga njinga, wailesi ndi malata 24 amene banjali linkagula limodzilimodzi pa mapeto a mwezi kuti lidzafolere nyumba. Mayiwa anatsala ndi ana anayi ndi mphasa. Titawafunsa ngati anakadandaula ku bwalo la milandu, anatiyang'ana ngati tayankhula zopanda mutu.

"Bambo inu," anatero mayiwo, "kukhoti kumapita eni ndalama. Woweruza amadziwa amene anamuika pampando, ndipo amene anamuikayo si ine."

Mawu amenewa anatikhala mumtima mpaka tinatsika. Sitikuwadzudzula mayiwa, pakuti ambiri mwa ife timaganiza chimodzimodzi. Timakhulupirira kuti munthu akapatsidwa mpando, watenga ngongole kwa amene wamupatsayo, ndipo tsiku lobweza lidzafika. Tsono lero tikufuna tikambirane mbiri ya woweruza milandu mmodzi wa dziko lathu lino, Mayi Anastasia Msosa, amene anakwezedwa pantchito ndi atsogoleri atatu osiyana, ndipo katatu konse linafika tsiku limene anthu ankayembekeza kuti abweza ngongoleyo. Tiyeni tione zimene zinachitika.

Chiyambi chawo

Mayi Msosa anabadwa m'chaka cha 1950, dziko lino likudziwika ndi dzina loti Nyasaland. Pamene tinkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, iwo anali mtsikana wa zaka 14. Amene munakula nthawi imeneyo mukudziwa kuti mtsikana wa msinkhu umenewu anthu ankamuona kuti wakwanira kukhala pabanja, ndipo ochuluka ankasiyira sukulu m'makalasi a pulayimale. Yunivesite ya Malawi inali isanayambe n'komwe kuphunzitsa, pakuti inatsegula zitseko zake mu 1965. Iwo anapirira mpaka anakafika ku yunivesite imeneyi, ndipo mu 1975 analandira digiri ya za malamulo ku Chancellor College ku Zomba.

Nthawi imeneyo ntchito ya uloya inali ya amuna. Mayi woyamba wa Chimalawi kukhala loya, Mayi Vera Chirwa, sanali m'dziko muno, chifukwa anali atathawa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa pambuyo pa kusamvana kwa nduna ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964. Motero mtsikana amene ankalowa m'khoti atavala mkanjo wakuda mu 1975 analibe amayi ambiri oti n'kuwayang'ana ngati chitsanzo.

Atagwira ntchito kwa kanthawi ngati loya wa boma, Mayi Msosa anapita ku nthambi ya Legal Aid, kumene anakhala zaka zambiri mpaka 1990. Nthambi imeneyi inali yopereka maloya kwa anthu amene sangathe kulipira okha. Kumeneko simubwera eni magolosale akuluakulu. Kumabwera wantchito amene wachotsedwa popanda malipiro, mkazi amene wathamangitsidwa pabanja, mnyamata amene wakhala m'chitokosi miyezi yambiri mlandu wake osalowa m'bwalo, ndi amasiye onga mayi a m'minibasi aja. Loya wa kumeneko amalandira malipiro a boma basi, ndipo amene wamuthandiza alibe choti amupatse koposa zikomo. Mu 1990 anasankhidwa kukhala Registrar General, mkulu wa ofesi yosunga kaundula wa makampani, maukwati ndi zina zotere.

Makhoti a nthawi ya chipani chimodzi

Kuti timvetse kulemera kwa zimene zinadza pambuyo pake, tiyenera kukumbutsana mmene makhoti analili m'zaka zimene Mayi Msosa ankakula pantchito. Ana athu a masiku ano sakuzidziwa zimenezi, ndipo n'kofunika azimve.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunachitika kuphedwa kwa anthu motsatizana usiku ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre. Bwalo Lalikulu litamasula ena mwa oganiziridwa kaamba kosowa umboni wokwanira, boma linakwiya, ndipo mu 1969 linasintha malamulo kuti milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha munthu, izitha kuweruzidwa m'makhoti amene ankatchedwa Traditional Court. Ambiri mwa oweruza m'makhoti amenewa anali mafumu, osankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, amenenso akanatha kuwachotsa nthawi iliyonse. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Apilo yake sinkapita ku Bwalo la Supreme, koma ku khoti lina la mtundu womwewo. Majaji anayi achizungu a Bwalo Lalikulu anatula pansi udindo posagwirizana ndi zimenezi.

M'makhoti amenewa ndi mmene munaweruzidwa a Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977. Ndi momwemonso mmene a Orton ndi Mayi Vera Chirwa, atagwidwa mu Disembala 1981, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, ngakhale kuti chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Taonani, maloya awiri odziwa malamulo anaimirira pamaso pa oweruza popanda wowaimira.

Choncho maganizo a mayi a m'minibasi aja ali ndi mizu yake. Panali nthawi imene woweruza ankayang'anadi nkhope ya womuika pampando asanayang'ane umboni. Makolo athu anaziona ndi maso, ndipo mantha amenewo anatisiyira ngati chuma cha masiye.

Tsiku loyamba: Meyi 1994

Mu 1992 Mayi Msosa anasankhidwa kukhala jaji wa Bwalo Lalikulu, ndipo anali mayi woyamba kufika pa udindo umenewu m'dziko muno. Wowasankha anali Dr. Banda, mtsogoleri wa muyaya wa nthawiyo. Chinali chaka chovuta. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi anthu anaphedwa pa zionetsero ku Blantyre. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu, ndipo anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri.

Kenaka panafunika bungwe loyendetsa chisankho choyamba cha matipate, ndipo mpando wa wapampando unapita kwa Mayi Msosa mu 1993. Tangoganizani katundu amene anasenza. Dr. Banda anali atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg mu Okutobala chaka chomwecho. Mu Disembala asilikali analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, ndipo ambiri a gululo anathawira ku Mozambique. Anthu ankanong'onezana kuti abwerera usiku ndi mfuti. Ife a m'malire, kuno ku Muloza ngakhale uko ku Namwera ndi Makanjira, makolo athu amatiuza kuti tulo tinali tovuta. Chipani cholamula chinali chitakhala pampando zaka 30. Kaundula wa ovota anayenera kulembedwa, mabokosi anayenera kufika kumidzi ya kuseri kwa mapiri ndi pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndipo m'bungwemo munali anthu otumidwa ndi zipani zimene sizinkakhulupirirana.

Pa 17 Meyi 1994 anthu pafupifupi 3 miliyoni anaponya voti. A Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 mwa 100 alionse, Dr. Banda 33, a Chihana 19. M'Nyumba ya Malamulo ya mipando 177, chipani cha UDF chinapeza 85, MCP 56, AFORD 36. Pa 19 Meyi Dr. Banda anayankhula pa wailesi ya MBC kuvomereza kuti agonja, ndipo pa 21 Meyi a Muluzi analumbiritsidwa.

Dr. Banda ayenera kuyamikiridwa povomera kugonja, ndipo anthu a Malawi ayenera kuyamikiridwa povota mwabata. Komabe tisaiwale kuti pakati pa voti ya munthu ndi chilengezo cha pawailesi pali manja ambiri, ndipo m'maiko ena mavoti amasochera pakatipo. Bungwe limene ankatsogolera mayi amene anali atangotha zaka ziwiri ali jaji linawerenga ndi kulengeza kugonja kwa munthu yemwe anawasankhayo. Ngati panali ngongole, tsiku limenelo sinabwezedwe.

Tsiku lachiwiri: Malichi 2009

Gawo ili likutikhudza kwambiri ife, ndipo tikupemphani muwerenge modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1997, a Muluzi ali mtsogoleri wa dziko, Mayi Msosa anakwezedwa kupita ku Bwalo la Supreme, bwalo lalikulu koposa onse lomva maapilo, ndipo analinso mayi woyamba kukhala kumeneko. Mu 2005, chisankho cha 2004 chitasiya madandaulo ambiri, anaitanidwanso kuti atsogolere bungwe la chisankho. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti wapampando wa bungweli azikhala jaji.

Malamulo omwewo, pa gawo 83, amanena kuti mtsogoleri wa dziko alamulire kosapitirira kawiri motsatizana, zaka zisanu ulendo uliwonse. A Muluzi analamulira kuchokera mu 1994 mpaka 2004. Mu Julayi 2002 panabwera bilo yofuna kuchotsa malire amenewa, koma inalephera m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu okha. Atapuma zaka zisanu, a Muluzi anafuna kuimanso mu 2009. Owaimira pa malamulo ankati lamulo likuletsa kulamulira katatu motsatizana, tsono munthu amene wapumula atha kubwereranso. Ena ankati cholinga cha lamulolo n'chakuti munthu mmodzi asapitirire zaka khumi, kuti tisabwerere ku utsogoleri wa muyaya.

Mu Malichi 2009 bungwe la chisankho, Mayi Msosa ali wapampando, linakana kulandira dzina la a Muluzi. Iwo anakasuma, ndipo pa 16 Meyi, patatsala masiku atatu kuti anthu avote, majaji atatu a bwalo lomasulira malamulo aakulu a dziko anagamula kuti bungwelo linachita bwino.

Ambiri a ife tinali achinyamata panthawiyo, ndipo tikukumbukira mmene akuluakulu ankadandaulira m'makonde ndi m'misika. A Muluzi anali Msilamu woyamba kutsogolera dziko lino, mwana wa ku Machinga, ndipo kwa mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka, kupambana kwawo mu 1994 kunali ngati kutsegulidwa kwa khomo limene linali lotseka zaka zambiri. Choncho mawu owawa anayankhulidwa. Ena ankati mayiyu wagulidwa. Ena ankati wayiwala amene anamukweza.

Koma lero, mitima itazizira, tiyeni tidzifunse moona. Kodi si ife tomwe tinavina mu 1994 pamene bungwe la mayi yemweyu linaŵerenga mavoti osayang'ana nkhope ya Kamuzu? Chinasintha n'chiyani mu 2009? Woweruza anali yemweyo, buku la malamulo linali lomwelo limene tinalandira ndi manja awiri mu 1994. Chimene chinasintha ndi chakuti ulendo uno lamulo linagwera munthu amene ife tinkamukonda. Sikelo ya pamsika imene imalemera bwino pamene tikugula usipa koma n'kupendekeka pamene tikugulitsa, imeneyo si sikelo, ndipo tonse tingaikane. Tiyamikirenso a Muluzi pa chinthu chimodzi: nkhani yawo anaitengera kukhoti, ndipo khoti litagamula sanatume anthu kukatentha misika.

Zimene sizinayende bwino

Tikanakhala kuti tikulemba mawu otamanda okha, tikanathera pamenepa. Koma mboni yonena mbali imodzi si mboni yabwino, choncho tinenenso zimene zinavuta.

Pa chisankho cha pa 19 Meyi 2009, chimene a Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 mwa 100 alionse, oyang'anira ochokera kunja ananena kuti kuvota kunayenda mwabata, koma anadandaula kuti wailesi ndi kanema wa boma ankakondera chipani cholamula pa nthawi ya kampeni. Bungwe la chisankho silinathe kuletsa zimenezi. Kenaka mu Disembala 2010 mtsogoleri wa dziko anatseka maofesi a bungwelo ponena kuti ndalama zambiri sizinalongosoledwe mmene zinayendera, ndipo ntchito inaima kwa miyezi ingapo mpaka mu 2011. Chisankho cha makhansala, chimene chinachitika mu 2000, sichinachitikenso mpaka 2014. Kuchokera mu 2005 mpaka 2014 maboma athu analibe makhansala osankhidwa ndi anthu.

Izi zikutiphunzitsa kuti munthu mmodzi, ngakhale akhale wolungama chotani, sangakonze zonse. Mutu umodzi susenza denga. Woweruza amafunika alembi okhulupirika, osunga ndalama okhulupirika, apolisi okhulupirika, ndiponso atsogoleri omvera zigamulo ngakhale zitawapweteka.

Tsiku lachitatu: Meyi 2014

Mayi Msosa anachoka ku bungwe la chisankho mu 2012. Mu 2013 mkulu wa majaji onse, a Lovemore Munlo, anatula pansi udindo, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Mayi Joyce Banda, anasankha Mayi Msosa kuti alowe m'malo mwawo. Lamulo limafuna kuti Nyumba ya Malamulo ivomereze munthu wosankhidwa pa udindo umenewu ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndipo inawavomereza. Kachitatu tsopano, iwo anakhala mayi woyamba: ku Bwalo Lalikulu mu 1992, ku Bwalo la Supreme mu 1997, ndi pa mpando wa mkulu wa majaji mu 2013.

Chisanathe chaka, kunabwera chisankho cha pa 20 Meyi 2014, chimene chinali ndi chisokonezo. Malo ena zipangizo zinafika mochedwa, ndipo makina owerengetsera anavuta. Pa 24 Meyi Mayi Banda analengeza kuti athetsa chisankhocho ndipo kuchitike china pakatha masiku 90. Bwalo Lalikulu linaletsa zimenezi tsiku lomwelo. Pa 30 Meyi bwalo linagamulanso kuti zotsatira zilengezedwe m'masiku asanu ndi atatu amene lamulo limapereka, ndipo usiku womwewo zinalengezedwa. A Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 mwa 100 alionse, a Lazarus Chakwera anatsatira, ndipo Mayi Banda anakhala achitatu.

Zigamulo zimenezi sanapereke ndi Mayi Msosa. Anapereka ndi majaji a Bwalo Lalikulu, aliyense pa mlandu umene unali patsogolo pake. Koma makhoti onse anali pansi pa utsogoleri wawo, ndipo anagamula motsutsana ndi mtsogoleri amene anawasankha chaka chimodzi m'mbuyomo, mayi mnzawo. Pa 31 Meyi, ku Blantyre, Mayi Msosa analumbiritsa a Mutharika. Kumayambiriro kwa 2015 anapuma pantchito atakwanitsa zaka 65, umene unali msinkhu wopumira majaji pa nthawiyo, ndipo analowedwa m'malo ndi a Andrew Nyirenda. Zaka zawo zonse zotumikira pa za malamulo zinakwana 40.

Njira imene anapondamo

Nkhani yonga iyi iliponso kwa anzathu a ku Zambia. Mayi Irene Mambilima, ali wapampando wa bungwe la chisankho, anayendetsa chisankho cha 2011 pamene a Michael Sata anagonjetsa mtsogoleri wolamula, a Rupiah Banda, ndipo mu 2015 anakhala mkulu wa majaji wa dzikolo mpaka pamene anamwalira mu 2021.

Kwathu kuno chiyeso chachikulu chinadza Mayi Msosa atapuma kale. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, a Healey Potani, Mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, anathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019 kaamba ka zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Mlanduwo uli m'kati, mkulu wa majaji anakanena ku bungwe lolimbana ndi katangale kuti pali anthu amene akufuna kupereka ziphuphu kwa majajiwo. Bwalo la Supreme linavomereza chigamulocho pa 8 Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. Mu Afrika yense, dziko la Kenya lokha ndi limene linali litachitapo zotere, mu 2017.

Sitikunena kuti makhoti athu ndi angwiro. Madandaulo a milandu yochedwa, mafayilo osowa ndi oweruza okonda ndalama timawamva, ndipo ena ndi oona. Koma pakati pa khoti limene linaweruza a Chirwa mu 1983 ndi khoti la 2020 pali mtunda wautali, ndipo mtundawo anauyenda anthu, mmodzimmodzi, pokana kubweza ngongole imene sanatenge.

Nanga ife pakhomo?

Mwina wina afunsa kuti, "Zonsezi ndi za akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe, ife asodzi ndi alimi zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza, pakuti milandu yambiri m'dziko muno siifika n'komwe kwa majisitireti. Imathera kwa ankhoswa, kwa nyakwawa, kwa ashehe, mu komiti ya sukulu, mu komiti ya padoko pamene asodzi akangana za khoka, ngakhale pamphasa pamene ana awiri alimbirana mbale. Aliyense wa ife tsiku lina amakhala pa mpando wa woweruza.

Inu ankhoswa, mlamu wanu akabwera ndi dandaulo lokhudza mphwanu, kodi mumamva mbali zonse ziwiri, kapena chigamulo mumakhala mutachipanga kale chifukwa cha magazi? Inu amfumu, malire a munda akavuta pakati pa mayi wamasiye ndi munthu amene anakuthandizani matumba a simenti, mumayang'ana mitengo ya m'malire kapena simentiyo? Inu amayi, mwana wanu wobereka akayambana ndi mwana wamasiye amene mukumulera, amene amayamba kukalipiridwa ndani? Ana amaona zimenezi. Mwana amene wakula akuona kuti pakhomo amapambana ndi wokondedwa, akadzakhala kalaliki wa khoti kapena wapolisi adzachita zomwezo, pakuti m'mera ndi poyamba.

Chachiwiri, ziphuphu zili ndi manja awiri, lopereka ndi lolandira. Timadandaula za oweruza olandira, koma nkhuku, mbuzi kapena envulopu imachokera m'nyumba zathu. Ndipo mboni zambiri zonama zimene zimasokoneza milandu ndi ife tomwe, pofuna kupulumutsa mbale wathu. Jaji sanalipo pamene zinthu zinkachitika. Amaweruza ndi zimene ife tamuuza.

Chachitatu ndi ana athu aakazi. Makolo athu akale anali ndi zifukwa zawo zoopera sukulu za mishoni, ndipo madera athu anatsalira kaamba ka zimenezo. Zifukwa zimenezo zinatha. Mtsikana amene anali ndi zaka 14 mu 1964 akanatha kukwatiwa chaka chomwecho, ndipo dziko likanataya woweruza amene tamukamba lero popanda wina kudziwa kuti lataya kanthu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwana wanu wa Sitandade 8 amene amafunsa mafunso ambiri, amene salola kuti mng'ono wake anamiziridwe, musamutseke pakamwa. Mulipirireni fizi.

Tibwerere kwa mayi a m'minibasi aja. Tisanatsike tinawauza zinthu ziwiri zimene tikufuna nanunso mudziwe. Choyamba, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena kuti kulanda katundu wa womwalira popanda chilolezo cha lamulo ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana ndiwo oyamba kuganiziridwa. Chachiwiri, ntchito imene Mayi Msosa anagwira zaka zambiri ija idakalipo, pansi pa bungwe la boma lotchedwa Legal Aid Bureau, limene limathandiza anthu osatha kulipira loya. Tinawalangiza kuti alembe katundu yense amene anatengedwa, asunge malisiti a malata ngati alipo, apeze anthu awiri amene anaona katunduyo akunyamulidwa, ayambire kwa amfumu, ndipo zikakanika apite kwa majisitireti. Mlandu suwola.

Mayiwo sanayankhe. Anangomanga bwino mpango wawo natsika pa siteji yawo. Ngati anapita kapena ayi, zili kwa iwo. Koma inu amene mukuwerenga, mwina m'mudzi mwanu muli mayi wotere. Muperekezeni. Ndipo ngati malatawo ali m'nyumba mwanu, musadikire samani, abwezeni sabata ino.